Kodi phata la atomu ndi lobulungira ngati mmene amalijambulira?

Funso: Chimvereni zoti mumchenga wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa muli miyala yamtengo wapatali, kuno nkhani ya maatomu ili m'kamwam'kamwa. Pa bolodi aphunzitsi amatijambulira phata la atomu lobulungira. Kodi ndi mmene lilili, nanga anthu anadziwa bwanji? — Wophunzira wa Fomu 4, Kachulu, Zomba

Yankho: Chithunzi cha pa bolodi chija ndi poyambira chabe. Maphata ena ndi obulungiradi, koma ambiri ndi otalikirako mbali imodzi ngati dzira.

Ernest Rutherford ndiye anatulukira phatali ku Manchester mu 1911, ndipo James Chadwick anapeza nyutuloni mu 1932. Kwa zaka ndithu akatswiri ankaliona ngati kadontho kobulungira, mpaka mu 1950 pomwe James Rainwater wa ku America anafotokoza kuti mapulotoni ndi manyutuloni a kunja amatha kulikoka phata n'kulitalikitsa. Aage Bohr ndi Ben Mottelson ku Copenhagen anatsimikiza zimenezi, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 1975.

Umboni unachokera pa kuzungulira. Phata lotalika likawombedwa ndi linzake m'makina othamangitsa maatomu, limazungulira mwaliwiro loopsa. Kenako limabweza liwirolo pang'onopang'ono, ndipo sitepe iliyonse limatulutsa cheza chotchedwa gamma. Mphamvu za chezacho zimatsatizana mwadongosolo, ndipo dongosololo ndi limene limaulula maonekedwe a chinthu chimene palibe anachionapo ndi maso. Mu 1971 akatswiri a ku Stockholm anaona kuti liwiro likakula kwambiri, dongosolo lija limasokonekera mwadzidzidzi: manyutuloni awiri amene ankayendera limodzi amalekana n'kuyamba kutsata kuzungulira kwa phata lonse.

Apa ndiye pagona nkhani. Mkati mwa phata, mapulotoni amakonda kukhala awiriawiri, manyutuloninso chimodzimodzi. Phata limene latsala ndi pulotoni imodzi yopanda inzake, komanso nyutuloni imodzi yopanda inzake, kawirikawiri silikhalitsa. Mwa maatomu opepuka, okhazikika a mtunduwu alipo anayi okha, ndipo imodzi ndi nitrogen-14, yomwe yadzaza mumpweya komanso m'thumba la feteleza wa urea.

Olemera a mtunduwu ndi osowa, koma Malawi ali nawo. Mchenga wakuda wa ku Mposa, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, umene kampani ya Chilwa Minerals yakhala ikuufufuza, uli ndi ilmenite, zircon ndi monazite. Mu monazite mumakhala zitsulo za gulu la rare earth, gulu lomwe likupezekanso ku phiri la Songwe ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka. Chomaliza m'gululi, chomwe chimapezeka pang'ono zedi, ndi lutetium. Mwa maatomu ake 100 alionse, pafupifupi atatu ndi lutetium-176: mapulotoni 71, manyutuloni 105, phata lotalika, ndipo theka lake limatenga zaka pafupifupi 37 biliyoni kuti liphwasuke. Ku Kanyika, m'boma la Mzimba, kuli tantalum, ndipo m'menemo muli tantalum-180m, yosowa kwambiri, imene mpaka lero palibe anaionapo ikuphwasuka.

Wophunzira wokonda fizikisi asaganize kuti izi ndi za kutsidya kwa nyanja kokha. Ku iThemba LABS, pafupi ndi Cape Town, kuli makina otchedwa AFRODITE oyezera cheza cha gamma. Kumeneko anafufuza thallium-194, ya mapulotoni 81 ndi manyutuloni 113, n'kupeza zizindikiro zoti phata lake limatha kuzungulira m'njira ziwiri zofanana koma zotembenuzana, yakumanja ndi yakumanzere. Thallium imeneyi sikumbidwa pansi. Amachita kuipanga m'makinamo, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 33, theka lake limakhala litasanduka mercury.