Msonkho wa Munthu Wotuluka mu Bizinesi ya Mgwirizano

Bizinesi ya mgwirizano ndi malonda amene anthu awiri kapena kuposerapo amasonkherana mpamba n'kumagawana phindu, monga zimachitikira pakati pa eni zigayo ndi ogula mbewu m'madera ngati Milonde m'boma la Mulanje. Malamulo a msonkho, omwe bungwe la Malawi Revenue Authority lakhala likuwayendetsa kuyambira mu 2000, salipiritsa bizinesi yotere msonkho wa phindu payokha, koma aliyense amakhoma pa gawo lake. Choncho munthu wotuluka mu mgwirizano amakhomabe msonkho pa phindu lomwe linamugwera kufikira tsiku lotulukalo, ngakhale ndalamazo asanazilandire m'manja. Mpamba umene wabwezeredwa si phindu ayi, koma akalandira ndalama zoposa mtengo umene gawo lakelo linamudyera, zapamwambazo zimakhomeredwa msonkho.

Chovuta kwambiri n'chakuti migwirizano yambiri ya kumidzi imakhala ya pakamwa, ndipo popanda pangano lonena zina, lamulo la Partnership Act limathetsa mgwirizano wonse mmodzi akamwalira, kapena akapereka chidziwitso chotuluka ngati sanapangane nthawi yothera. Otsalawo ayenera kutseka mabuku ndi kudziwitsa bungwe la Malawi Revenue Authority.