Tsiku limene wophunzira anaombera mphunzitsi wake

Lachisanu lapitali ku kalabu yathu ya Histole, mnyamata wina ananena kuti nkhondo yapachiweniweni ya ku America inabuka chifukwa zigawo zakummwera zinkafuna ufulu wodzilamulira. Ndinamufunsa kuti, "Ufulu woti zichite chiyani?" Onse anangoti zii.

Yankho lake ndi ukapolo. Mu 1860 ku United States kunali akapolo pafupifupi 4 miliyoni, ndipo ambiri ankalima thonje limene linkalemeretsa eni minda akummwera. Mkangano waukulu unali wakuti kodi ukapolo uloledwe m'madera atsopano akumadzulo kapena ayi. Lamulo la Kansas-Nebraska la 1854 ndiponso chigamulo cha mlandu wa Dred Scott mu 1857 zinangokolezera motowo. Abraham Lincoln, amene chipani chake chinkakana kuti ukapolo ufalikire, atapambana chisankho mu Novembala 1860, South Carolina inadzipatula pa 20 Disembala. M'chikalata chake inatchula ukapolo mosabisa. Pofika Febuluwale 1861 zigawo 7 zinali zitachoka, n'kusankha Jefferson Davis kukhala pulezidenti wawo.

Koma padoko la Charleston panatsala linga la boma lotchedwa Fort Sumter. Munali asilikali osakwana 100 motsogozedwa ndi Robert Anderson, ndipo chakudya chinali kuwathera. Lincoln anati atumiza zombo za chakudya. Akummwera sanafune kudikira.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza ngati mphunzitsi. Mkulu wa asilikali amene anazinga lingalo, Pierre Beauregard, anali wophunzira wa Anderson pasukulu ya usilikali ya West Point, ndipo phunziro lake linali la kaombedwe ka mizinga. Pa 12 Epulo 1861, nthawi ya 4:30 m'bandakucha, mizinga ija inalozetsedwa kwa mphunzitsiyo. Anaombera kwa maola pafupifupi 34 mpaka Anderson anagonja. Chodabwitsa n'chakuti pakuomberanapo sipanafe munthu. Msilikali woyamba kufa, Daniel Hough, anafa mwangozi pa 14 Epulo, onga utaphulika pamwambo wotsitsa mbendera.

Mawa lake Lincoln anaitana asilikali odzipereka 75,000, ndipo zigawo zina zinayi, kuphatikizapo Virginia, zinalowa mbali ya akummwera. Ambiri ankaganiza kuti zitha m'miyezi yochepa. Nkhondoyo inafika 1865, itapha anthu oposa 600,000.

Beauregard anakhoza bwino phunziro la mizinga, nanga n'kukana? Koma luso lonselo analipereka poteteza kugulitsa anthu. N'chifukwa chake sindikhutira mwana akangoloweza madeti. Anzanga, tiziwafunsabe funso lija: ufulu woti achite chiyani, ndipo wovutika ndani?