Lungwena

Lungwena ndi dera la m'boma la Mangochi, m'chigawo cha kummwera kwa dziko la Malawi. Lili m'mphepete mwa nyanja ya Malawi chakum'mawa, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa Boma la Mangochi, mumsewu wodzera ku Malindi kulowera kwa Makanjira. Derali limadziwika ndi dzina la mtsinje wa Lungwena, womwe umatsika m'mapiri n'kukathira m'nyanja. Anthu ambiri okhala kumeneku ndi Ayao achipembedzo cha Chisilamu, ndipo chiyankhulo cha pakhomo ndi Chiyao, ngakhale kuti Chichewa chimamvekanso kusukulu, kumsika ndi kuchipatala.

Malo ndi kakhalidwe ka midzi

Midzi ya ku Lungwena inandandalika m'kachigwa kopapatiza ka pakati pa nyanja ndi mapiri a nkhalango yotetezedwa ya Namizimu. Kuseri kwa mapiriwo kuli malire a dziko la Mozambique. Chifukwa cha kuchepa kwa malo, anthu ambiri amamanga pafupi ndi gombe kapena m'mbali mwa msewu, ndipo minda ya chimanga imakwera mpaka m'munsi mwa mapiri.

Nyumba zambiri ndi za zidina zofolera ndi udzu, koma za njerwa zowotcha ndi malata zikuchulukirachulukira. Pakhomo pamakhala mpanda wa udzu kapena bango, ndipo m'midzi yambiri muli mzikiti ndi madrasa. Kumadoko kumakhala mathandala oyanikapo usipa ndi utaka, komanso zisakasa za asodzi ndi ogula nsomba omwe amabwera kudzakhala kwa kanthawi kochepa.

Kumene anthu anachokera

Ayao asanafike, m'mphepete mwa nyanjayi munkakhala Anyanja, omwe ndi nthambi ya Amaravi. Kwawo kwenikweni kwa Ayao ndi kumpoto kwa Mozambique, m'dera la pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma, lomwe lero lili m'chigawo cha Niassa. Cham'katikati mwa zaka za m'ma 1800, nkhondo ndi njala zinawabalalitsa, ndipo magulu ambiri analowera kunyanja. Mfumu Mponda inakhazikika pafupi ndi pomwe mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, pomwe Makanjira anakhazikika kugombe la kum'mawa.

Mafumuwa ankachita malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ndi amalonda a kugombe la nyanja yamchere, ndipo Chisilamu chinafika kudzera m'njira zomwezo. M'chaka cha 1891 Angerezi anamanga linga la Fort Johnston, lomwe dzina lake linasinthidwa kukhala Mangochi dziko litalandira ufulu. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, msilikali wa Chingerezi Cecil Maguire anaphedwa polimbana ndi anthu a Makanjira. Malire omwe atsamunda anaika anagawa Ayao pakati, choncho mpaka lero mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri.

Chikamwini ndi tanthauzo la kwathu

Ayao amatsata mtundu wa kuchikazi. Mwamuna akakwatira amakamanga nyumba kumudzi kwa mkazi wake, ndipo ana amawerengedwa kuti ndi a mbumba ya mayi awo. Woyang'anira mbumba amakhala mlongo wa amayiwo, ndiye kuti malume a anawo, yemwe amaweruza nkhani za maukwati, maliro ndi minda. Malo olima nthawi zambiri amachoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi.

Zimenezi zimachititsa kuti mwamuna akhale ndi malo awiri: komwe amagona, ndi kwawo komwe ali ndi udindo pa alongo ake. Ukwati ukatha kapena mkazi akamwalira, kawirikawiri mwamunayo amabwerera kwawo, kusiya nyumba ndi ana.

Zochitika za 1965

Mu February 1965, Henry Masauko Chipembere, yemwe banja lake linkakhala ku Malindi, anatsogolera gulu lomwe linaukira boma la Kamuzu Banda. Gululo linalanda Fort Johnston koma linalephera kuwoloka Shire pa Liwonde. Pambuyo pake midzi ya kugombe la kum'mawa inavutika kwambiri poganiziridwa kuti inkabisa otsatira a Chipembere. Mudzi wa Moto umakumbukiridwa kwambiri pankhaniyi, chifukwa anthu ake ambiri anachotsedwa pamalo pawo n'kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu.

Ulendo wa ku Joni

Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna a m'boma la Mangochi akhala akupita kunja kukafuna ntchito, poyamba ku migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi South Africa. Boma linaimitsa ulendo wa Wenela m'chaka cha 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown. Masiku ano achinyamata amapita paokha ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Ndalama zomwe amatumiza zimamangira nyumba za malata ndi kugulira maboti ndi maukonde, koma amayi ambiri amatsala okha ndi ana kwa zaka. Osabwereranso amatchedwa matchona. Pa zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa mu 2008 ndi 2015, ambiri mwa Amalawi omwe anabwerera kumudzi anali ochokera ku Mangochi.

Chipatala ndi kafukufuku

Chipatala chaching'ono cha Lungwena chakhala malo ophunzirirapo a sukulu ya zaudokotala ya College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. M'chaka cha 1995, akatswiri a sukuluyi mogwirizana ndi anzawo a ku yunivesite ya Tampere ku Finland anayamba kutsatira amayi oyembekezera ndi ana awo m'midzi yozungulira chipatalachi. Kafukufuku wina wotsatira anaunika za malungo mwa amayi oyembekezera komanso zakudya zothandiza ana onyentchera. N'chifukwa chake dzina la Lungwena limapezeka m'mabuku ambiri a zaumoyo, ngakhale kuti derali ndi laling'ono.