Mafuta ophikira otha ntchito

Mafuta ophikira otha ntchito ndi mafuta ochokera ku mbewu monga mpendadzuwa, soya, mtedza ndi thonje, amene akazingira zakudya kangapo mpaka kuda, kuyamba kunanda ndi kutulutsa fungo. Mafutawa sayeneranso kudyedwa, koma mphamvu yawo yoyaka imakhala ikadalipo pafupifupi yonse. M'mayiko ambiri amawatolera kuti aziyatsira mauvuni, kutenthetsera madzi ndi nyumba, kapena kupangira biodiesel. Amawerengedwa m'gulu la mphamvu zongowonjezereka chifukwa mbewu zake zimalimidwa chaka ndi chaka, pomwe dizilo ndi palafini zimachokera pansi pa nthaka ndipo sizibwerera zikatha.

Mphamvu yake

Kilogalamu imodzi ya mafuta a mbewu imakhala ndi mphamvu ya ma megajoule pafupifupi 37. Dizilo amakhala ndi 43, makala abwino pafupifupi 30, ndipo nkhuni zouma 15 kapena 16. Lita imodzi ya mafutawa imalemera pafupifupi magalamu 920, choncho imafanana mphamvu ndi makilogalamu awiri ndi pang'ono a nkhuni zouma.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka pa chophikira. Kuwiritsa malita 20 a madzi kuchokera pa madigiri 25 kumafuna ma megajoule 6.3. Pa mafuwa, moto wambiri umathawira m'mbali ndipo magawo 10 mpaka 15 okha pa 100 ndiwo amafika pa poto, ndiye pamafunika nkhuni makilogalamu atatu kapena anayi. Mbaula ya mafuta imene imafikitsa magawo 40 pa 100 ingawiritse madzi omwewo ndi theka la lita.

Kuwakonza ndi kuwayatsa

Mafuta a mbewu sayaka msanga ngati palafini. Palafini amagwira moto akatentha kufika madigiri pafupifupi 40, pomwe mafuta ophikira amafuna madigiri oposa 200. Ndi onandanso kuposa dizilo pafupifupi kakhumi, moti sakwera bwino pa chingwe cha nyale ndipo amatseka timabowo ta mbaula. N'chifukwa chake munthu sangangowathira m'mbaula ya palafini n'kuyembekeza kuti iyaka.

Asanawayatse amayamba awasiya m'chigubu kwa masiku angapo kuti madzi, mchere ndi zinyenyeswa zikhazikike pansi. Kenako amatsanula a pamwamba n'kuwasefa ndi nsalu. Madzi ndiwo vuto lalikulu, chifukwa mbatata ndi nyama zimasiya madzi m'mafuta, ndipo madziwo akafika pa moto amathetheka ndi kuzimitsa lawi.

Njira yosavuta ndi yodonthezera mafuta pa chitsulo chotentha m'kati mwa uvuni, chokupizira mphepo chikuuzira. Njira ina ndi yowatenthetsa kufika madigiri 60 mpaka 80 kuti apepuke, kenako n'kuwapopera pa moto ngati nkhungu. Njira yachitatu ndi yowasakaniza ndi methanol ndi soda wa kositiki, zomwe zimatulutsa biodiesel ndi glycerine. Njirayi imafuna mankhwala oopsa ndi luso, ndipo ku Malawi kupanga ndi kugulitsa mafuta a galimoto kumafuna chilolezo cha bungwe la MERA.

Mafuta akayaka mosakwanira amatulutsa mwaye ndi utsi woyabwa m'maso wokhala ndi acrolein, choncho uvuni wake umafuna chumuni. Sayenera kusakanizidwa ndi oyilo wakale wa galimoto, amene utsi wake uli ndi zitsulo zapoizoni. Moto wa mafuta sazimitsa ndi madzi: amauvundikira ndi chivundikiro kapena kuthirapo mchenga.

Mbiri

Pa chionetsero cha ku Paris mu 1900, injini ya mtundu umene anayambitsa Rudolf Diesel inayendetsedwa ndi mafuta a mtedza. Kutolera mafuta otha ntchito kunakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1900. Mzinda wa Graz ku Austria unayamba kuyendetsa mabasi ndi biodiesel wa mafutawa mu 1994, ndipo Kyoto ku Japan inayamba kuthira biodiesel wotereyu m'magalimoto otola zinyalala mu 1997.

Kampani ya Bosch und Siemens Hausgeräte, mogwirizana ndi yunivesite ya Hohenheim ku Germany, inapanga mbaula yotchedwa Protos yoyendera mafuta a mbewu, kuphatikizapo otha ntchito. Inayamba kugulitsidwa pa chilumba cha Leyte ku Philippines mu 2006, koma inasiyidwa mu 2012. Mbaulayo inkafuna kutsukidwa pafupipafupi ndipo mafuta otchipa ankavuta kupeza.

Ku Malawi, mafuta ochokera ku zomera amene adakhazikika ndi ethanol wa nzimbe, yemwe wakhala akusakanizidwa ndi petulo kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Kampani ya Bio Energy Resources Limited inalimbikitsanso alimi kudzala msatsimanga kuti mafuta ake azisakanizidwa ndi dizilo ndi palafini.

Ku Migowi

Migowi ndi malo ochitira malonda m'boma la Phalombe, kufupi ndi phiri la Michesi. Phalombe linakhala boma palokha mu 1998 litagawidwa ku Mulanje, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 400,000. Monga m'misika ina ya kumudzi, bizinesi zofuna moto ndi za chiwaya, mandasi ndi zitumbuwa, malesitilanti, malo omwera tiyi ndi ophika masikono. Pafupifupi zonsezi zimadalira nkhuni ndi makala. Oweta nkhuku nawonso amasonkha mbaula za makala kuti anapiye asafe ndi chisanu mu June ndi July, nthawi ya chiperoni.

Nkhani ya nkhuni m'derali si yaing'ono. Mu March 1991 napolo wochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazana ku Phalombe, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumulanso mapiri ndi kukokolola midzi m'bomali ndi ku Mulanje. Zigumukire zotere zimayamba ndi mvula yoopsa, koma phiri lopanda mitengo limatsitsa madzi mwaliwiro ndi dothi lambiri. Lamulo la za nkhalango limene linasinthidwa mu 2020 linakhwimitsa zilango kwa owotcha ndi ogulitsa makala opanda chilolezo.

Ngakhale zili choncho, mafuta otha ntchito sangalowe m'malo mwa nkhuni pa msika ngati wa Migowi, chifukwa ndi ochepa. Ku Ulaya lesitilanti imataya mafuta onse a m'chokazingira ikaona kuti atha, ndiye otolera amapeza migolo yodzaza. Wa chiwaya satero. Mafuta ndi chimodzi mwa zinthu zodula kwambiri pa bizinesi yake, choncho amangowonjezera atsopano pa akale, ndipo ambiri amachoka pamodzi ndi tchipisi ndi kanyenya. Otsala madzulo amasungidwa kuti akazingire mawa. Mitengo ya mafuta ophikira itakwera kwambiri mu 2021 ndi 2022, panalibe wokazinga amene akanataya ngakhale kapu imodzi mosavuta.

Apa nkhaniyi imakhudza umoyo kuposa nkhalango. Mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza amaonongeka n'kupanga zinthu zimene ofufuza amazigwirizanitsa ndi matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi, ndipo vitamini A amene malamulo a Malawi amafuna kuti aikidwe m'mafuta ophikira amachepa. Mayiko angapo a ku Ulaya amalamula kuti mafuta atayidwe zinthu zoonongekazo zikafika magawo pafupifupi 25 pa 100. Wokazinga wa pamsika alibe chida choyezera, koma zizindikiro zimaoneka ndi maso: kuda, thovu losatha, kufuka utsi moto usanakule, ndi kunanda m'mphepete mwa chiwaya. Ngati pali wogula mafuta akudawo kuti akayatsire uvuni, wokazinga amakhala ndi chifukwa chowachotsera pa chiwaya m'malo mowadyetsa anthu.

Phalombe ndi limodzi mwa maboma olima mpendadzuwa, ndipo poyenga mafuta pa makina ang'onoang'ono pamatsala mafuta a pansi osakanikira ndi zinyenyeswa, amene sagulitsika ngati ophikira. Amenewa amayakanso akasefedwa. Wophika masikono kapena wotenthetsa madzi angatolere malita ochepa pa sabata kwa okazinga angapo ndi oyenga, n'kuchepetsako mitolo ya nkhuni imene amagula. Amalimbirana mafutawo ndi opanga sopo, chifukwa mafuta otha ntchito osakaniza ndi soda wa kositiki amapanga sopo wochapira, ndipo ntchitoyo sifuna mbaula yapadera.