Dendrite, mtengo womera m'batire

Mawu oti dendrite anachokera ku Chigiriki, kumene dendron ndi mtengo. Akatswiri amatchula choncho tinthambi ta lithium timene timamera m'batire likamatchajidwa mothamanga kapena pozizira kwambiri. Dzinali limakokomeza pang'ono, poti nthawi zambiri lithiumyo amangoyanga ngati ndere. Koma tinthambito tikakula timatha kuboola kansalu kolekanitsa mbali ziwiri za batire, moto n'kubuka.

Kutiona n'kovuta. X-ray imangodutsa, chifukwa lithium ndi chitsulo chopepuka zedi, cha ma electron 3 okha. Ma neutron ndiwo amakodwamo.

N'chifukwa chake ku Institut Laue-Langevin, mumzinda wa Grenoble ku France, amajambula batire ndi zonse ziwiri, X-ray ndi ma neutron, akulizunguza pang'onopang'ono. Kompyuta imalumikiza zithunzizo, m'kati monse n'kuoneka batire lisanatsegulidwe.