Kuchokera pa Kope la Ngongole Kufika pa WhatsApp: Mbiri ya Zida za Geni ku Mitundu ndi ku Nathenje

Mwezi uliwonse bungwe la IFPRI likamatulutsa lipoti la mitengo ya chimanga m'Malawi muno, dzina la Mitundu silisowa. Limakhala pamndandanda umodzi ndi Jenda, Chimbiya, Lunzu ndi Bangula. Mitengoyo amaipeza poimbira foni amalonda a m'misika imeneyi, ndipo pakapita masiku ochepa munthu wokhala ku Washington amatha kudziwa kuti kilogalamu ya chimanga ikugulidwa bwanji kuseri kwa phiri la Bunda. Chowawa n'chakuti kwa zaka zambirimbiri mlimi wa m'midzi yozungulira msikawo, mwini chimangacho, ankamva mtengo pokhapokha atatsitsa thumba pa ngolo, ng'ombe zitatopa, kubwerera nalo kunyumba kuli kosatheka.

Mbiri ya zida za geni kumwera kwa Lilongwe yagona pa funso limenelo: ndani akudziwa mtengo, ndipo akuudziwa liti?

M'nthawi ya atsamunda yankho linali lachidule. Fodya wochiza ndi utsi atafala m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920, mzungu wina, A. F. Barron, atatsegula minda yake ku Mbabzi, boma linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926. Bungweli linkalemba alimi m'kaundula n'kumalamula malo ndi nthawi yogulitsira. Buku linali la kalaliki, sikelo inali ya wogula, mlimi ankangobweretsa fodya ndi maso. Mayina a mabungwe anasinthasintha, kunabwera Farmers Marketing Board, kenako ADMARC mu 1971, chaka chomwe kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi ndi shilingi. Koma mtengo unkachokerabe kumwamba, umodzi dziko lonse, wolengezedwa pa wailesi ya MBC. Akuluakulu ena amaikumbukira nthawiyo mokoma, ndipo ali ndi chifukwa: mtengo unali wotsika, komabe aliyense ankaudziwa asananyamuke pakhomo.

Masitolo nawo anali ndi mbiri yawoyawo. Amwenye ndiwo anali eni mashopu ambiri m'timisika ta kumudzi mpaka boma la Kamuzu Banda linawalamula kuti asamukire m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ntchito yomwe inatha cha m'ma 1978. Amalawi amene analowa m'mashopuwo ankakaoda katundu ku Chipiku, ndipo ambiri anagwa msanga. China chimene chinawagwetsa n'chodziwika kwa aliyense amene anayendetsapo okala pakati pa abale ake: ngongole. Mlamu watenga sopo, mphwake wa mfumu watenga palafini, aphunzitsi ati alipira mwezi ukatha. Wopulumuka anali amene anagula kope la kusukulu, n'kulemba dzina la munthu pamwamba pa tsamba, tsiku kumanzere, ndalama kumanja, ndi kukhwatcha mzere ngongole ikabwezedwa. Kope limenelo silinafe. Lowani m'golosale iliyonse pa Nathenje lero, mudzalipeza pansi pa kauntala, litada m'mphepete ndi mafuta ophikira.

Zinthu zinatembenuka mu 1987 pamene boma linalola anthu wamba kugula ndi kugulitsa mbewu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale. Apa ndi pamene mavenda a sikelo yopachika pamtengo anadzadza m'misewu. Mitundu, wokhala pakati pa minda yachonde, Dzalanyama ili kumadzulo kwake, unakula kukhala msika wa chimanga, mtedza, soya, nyemba ndi ziweto. Nathenje, wokhala pa msewu wa M1 wopita ku Dedza ndi Blantyre, unkadya za apaulendo: tomato, anyezi, kanyenya, zitumbuwa. Anthu apantchito nawonso analowa m'bwalo. Mphunzitsi wa pulayimale, mlangizi wa zaumoyo, wogwira ntchito ku koleji ya Bunda, onse anaona kuti malipiro okha safika kumapeto kwa mwezi, ndipo anayamba kugula mbewu nthawi yokolola kuti adzagulitse mu Januwale, kuweta nkhuku, kapena kutsegulira mayi a kunyumba benchi ya kaunjika. Ufulu unabwera, koma unabwera ndi mdima. Mitengo inachuluka, wa galimoto yochokera m'tauni ankadziwa wa kwa Mchesi ndi wa ku Lunzu, wogulitsa ankadziwa wa pamalo pomwe waima basi.

Foni ya m'manja inayamba ngati chinthu cha mabwana. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, Celtel inatsegula mu 1999, n'kudzasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Poyamba anthu wamba ankaimbira pa tebulo la telefoni pansi pa ambulera, kulipira pa mphindi, ndipo tebulo lomwelo linali geni ya achinyamata ambiri mpaka mafoni otchipa anaipha. Chida choyamba chaulere chimene amalonda anachigwira ndi manja awiri sichinalembedwe ndi katswiri aliyense wa kompyuta. Chinali kuflasha. Kuliza kamodzi n'kudula kunkatanthauza kuti katundu wafika pa siteji, kuliza kawiri kuti bwerani ndi kabaza. Anthu ankapangana okha matanthauzo, mayunitsi osatha ngakhale tambala.

Mabungwe anaona mwayiwo. Mu 2004 kunayamba ntchito ya Malawi Agricultural Commodity Exchange, yomwe inkatolera mitengo m'misika n'kuifalitsa pa mauthenga a pafoni, pa wailesi ndi pa zikwangwani. Agricultural Commodity Exchange for Africa, yomwe anthu amangoti ACE, nayo inkatumizira alimi mitengo pa SMS. Boma la Lilongwe lomweli lili ndi mbiri yonyaditsa pa mapulogalamu aulere enieni, aja amene aliyense amaloledwa kuwatenga, kuwasintha ndi kuwagawa. Baobab Health inayamba kupanga otere pa chipatala cha Kamuzu Central kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mu 2008 wophunzira wa ku Stanford, Josh Nesbit, anafika pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete ndi laputopu imodzi, mafoni akale pafupifupi 100 ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS, yolembedwa ndi Ken Banks, n'kulumikiza chipatala ndi anthu ongodzipereka a m'midzi. Ntchito imeneyo inabala bungwe la Medic Mobile, lomwe linafalikira m'mayiko ambiri.

Komabe tinene zoona: zimenezi zinathandiza zipatala ndi magulu a alimi kuposa mayi wogulitsa mandasi. Uthenga wa mtengo unkafika kwa amene analembetsa kudzera ku kalabu kapena ku pulojekiti, ndipo pulojekiti ikatha uthenga unkathanso. Mapulogalamu a pakompyuta monga LibreOffice, omwe amatha kusunga kaundula wa bizinesi popanda kulipira layisensi, anakafika m'maofesi ndi m'manja mwa ophunzira a ku yunivesite ya LUANAR. Pa msika sanafikepo kwenikweni, chifukwa kompyuta imafuna magetsi, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba khumi zilizonse m'dziko muno, yolumikizidwa ku magetsi inali imodzi yokha ndi kachidutswa. Kumudzi chiwerengerocho chinali chotsikirapo kwambiri. Kalembera yemweyo anapeza kuti nyumba zoposa theka pang'ono zinali ndi foni.

Chimene chinasinthadi geni ndi ndalama za pafoni. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Kale munthu ankatumiza ndalama kudzera ku positi ofesi, kapena kupatsira kondakitala wa minibasi envelopu n'kumapemphera. Tsopano mphunzitsi wa ku Nathenje ankatha kuimba *211# kapena *444# pa foni ya mabatani nthawi yopuma, kulipira wogulitsa chakudya cha nkhuku m'tauni, katundu n'kubwera pa minibasi ya madzulo. Kulembetsa n'kwaulere, koma kutumiza ndi kutapa amadula, ndipo wamalonda wanzeru amawerengera ndalama yotapirayo pa mtengo wa katundu. Tizisakasa ta maajenti topakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira tinamera paliponse, ndipo uajentiwo unasanduka geni yapambali ya anthu apantchito ambiri: bambo amaika mpamba wa fuloti, mphwawo amakhala pa windo. Ntchitoyi inakhala ya aliyense moti mu 2019, boma litafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni, anthu anakana mpaka ganizolo linachotsedwa.

Uthenga wotsimikizira kuti ndalama zalowa unakhala lisiti loyamba limene amalonda ambiri anakhala nalo m'moyo wawo. Unabweretsanso akuba atsopano, aja otumiza uthenga wabodza n'kuimba modandaula kuti achimwene ndalakwitsa nambala, ndibwezereni. Kulembetsa masimukhadi, komwe bungwe la MACRA linakakamiza mu 2018, sikunawathetse.

Kenako kunabwera WhatsApp. Inapangidwa mu 2009 ku America, Facebook inaigula mu 2014, koma kuno inagwira moto mafoni otchipa a Itel ndi Tecno atadzadza m'mashopu, makampani a mafoni atayambanso kugulitsa timabandulo ta WhatsApp yokha. Mphamvu yake pa msika si zimene eni ake ankalengeza. Choyamba ndi uthenga wa mawu: mayi amene sukulu analekera sitandade 4 amadina, n'kulankhula Chichewa chake cha kwa Chadza, wogula wa ku Area 25 n'kumva zonse, ngakhale kuseka kwake. Chachiwiri ndi chithunzi. Mbuzi imajambulidwa ili m'khola, wogula amaiona nthiti ndi mano asanawononge ya thiransipoti. Telala amaika madiresi pa sitetasi Lachisanu madzulo, wosoka nsapato ndi wophika makeke a ukwati chimodzimodzi. Ndiye pali magulu: la oweta nkhuku, la ogula soya, la amayi a mvano, la makolo a pasukulu, ndipo m'gulu lililonse mumapezeka wina wotsatsa mazira. WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018, inawonjezera malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, komanso zizindikiro zosiyanitsa amene walipira ndi amene sanalipire. Achinyamata odziwa zambiri amapanga zotsatsa pa Canva, n'kuziponya m'magulu a malonda a pa Facebook.

Phindu la kudziwa msanga linaoneka poyera mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Wa okala amene anamva mtengo watsopano wooda pa gulu m'mawa womwewo anasintha mitengo yake. Amene sanamve anagulitsa shuga ndi mafuta pa mtengo wakale, ndipo atapita kukaoda anapeza kuti ndalama za makatoni awiri zikugula imodzi ndi theka.

Ulerewu uli ndi malire ake, ndipo amene amawamva kwambiri ndi osauka. Pulogalamu salipira, koma bandulo amagula, ndipo kuyambira 2015 boma limadula msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi pa SMS, kuwonjezera pa VAT. Kudandaula kwa 2020 kuti mitengo ya intaneti itsike kunachokera pamenepo. Foni imafuna kutchajitsa pa shopu ya sola kapena kwa wometa. Kuti asawononge bandulo, anyamata amapatsirana mapulogalamu pa Xender kapena SHAREit, ndipo ambiri amakhala akale, ena obwera ndi mavairasi. M'mabanja ambiri foni yabwino ndi ya bambo, pomwe geni ndi ya mayi. Ndipo foni ikabedwa pa tsiku la msika, manambala a makasitomala, mauthenga a malipiro ndi zithunzi za katundu zimapitira limodzi.

N'chifukwa chake banki m'khonde, njira imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991 ndipo lero ndiyo gwero la mpamba kwa amayi ambiri a geni, imadalirabe bokosi la maloko atatu, timabuku ta masheya ndi chidindo. Mlembi amawerenga mokweza, aliyense akumva. Foni imagwira ntchito ya kakyuleta powerengera chiwongoladzanja ndi yokumbutsana tsiku lokumana. Magulu ena amajambula tsamba la kaundula n'kuliponya pa WhatsApp kuti kope likanyowa kapena kusowa umboni ukhalepo, nzeru yosavuta imene wa golosale aliyense akanayenera kutengera.

Pali malo amodzi amene pulogalamu iliyonse yalephera kufikapo, ndiwo sikelo. Chaka chilichonse nyengo yokolola ikayandikira, unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo masiku ano chikalatacho chimazungulira m'mafoni tsiku lomwelo. Mlimi wa ku Mitundu amafika pa msika akudziwa mtengo wa boma, wa kwa Mchesi ndi wa ku Chimbiya, zimene agogo ake sanazilotepo. Koma sikelo yopachikidwa pamtengo ija ikadali ya venda, ndipo pokhapokha a Malawi Bureau of Standards ataiyeza n'kuidinda, thumba la makilogalamu 50 limatha kulemera 46. Mwana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi mu Meyi, mlimi amagulitsabe soya wake pa mtengo umene akuudziwa bwinobwino kuti ndi wakuba, chifukwa alibe nkhokwe yodalirika kapena ngongole yomudikiritsa mpaka mitengo ikwere. Njira ya malisiti a nyumba zosungiramo mbewu, yomwe ACE inayambitsa, inapangidwira vuto lomweli: mlimi amasungitsa mbewu, amalandira lisiti, ndipo lisitilo amatha kukongolera ndalama podikira. Imafuna mbewu zambiri zosankhidwa bwino ndi galimoto yokafikitsa kunyumba yosungirako, motero amene amaifikira ndi makalabu ndi makopaletivu, osati mayi wa ndowa zitatu.