Njira ya UWB yodziwira pomwe pali odwala ndi zipangizo m'cipatala

M'cipatala cacikulu, namwino angataye mphindi zambiri akufunafuna njinga ya odwala kapena makina othandiza kupuma, pomwe moyo wa munthu uli pangozi. GPS siithandiza kwenikweni m'kati mwa nyumba cifukwa makoma ndi denga zimafooketsa mafunde ocokera ku setilaiti. Ndiye cifukwa cake zipatala zina zimagwiritsa nchito njira ya wailesi yochedwa UWB.

Bungwe la FCC la ku America linavomereza njirayi m'caka ca 2002, pa mafunde a pakati pa 3.1 ndi 10.6 GHz. Kacipangizo kakang'ono kamamangidwa pa makina kapena pa mkono wa wodwala, ndipo kamatumiza timafunde tatifupi kwambiri. Zolandirira zokhomedwa pa makoma zimayeza nthawi imene timafundeto tatenga kuti tifike. Popeza liwiro la mafunde a wailesi limadziwika, nthawiyo imasonyeza mtunda. Zolandirira zitatu kapena zinayi zikayeza, kompyuta imaonetsa malo ake, ndipo kawirikawiri imaphonya ndi masentimita 10 mpaka 30 cabe.

UWB imagwiritsa nchito mphamvu yocepa ndipo siifika patali, motero siisokoneza kwambiri zipangizo zina za wailesi. Komabe zitsulo ndi makoma ocindikala zingacepetse kulondola kwake, ndiponso kukhoma zolandirira m'zipinda zonse kumafuna ndalama zambiri.

Citetezo ndico nkhani yaikulu. Munthu wa zolinga zoipa angayese kunamiza zolandirira kuti kacipangizo kaoneke ngati kali pafupi pomwe kali kutali. Pa mwana wakhanda wovekedwa kacipangizoka, cinyengo cotere cingabise kubedwa kwake. Bungwe la IEEE linakhazikitsa muyezo wa 802.15.4a mu 2007, ndipo mu 2020 linatulutsa wa 802.15.4z, umene unaonjezera manambala acinsinsi m'timafundeto kuti kunamiza mtunda kukhale kovuta.

Palinso za ufulu wa wodwala. Cipinda cimene munthu wagonekedwamo cingaulule matenda ake. Muno m'Zambia, lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kusamalidwa mwapadera. Cotero cipatala ciliconse cofuna njirayi ciyenera kuonetsetsa kuti okhawo ololedwa ndiwo akuona pomwe wodwala ali.